Mmene mungaphunzirire zojambula za Van Eyck ndi anzake pogwiritsa ntchito foni ndi kope basi

Zojambula za ku Flanders, dera lomwe mbali yake yaikulu lero ili ku Belgium, za m'zaka za m'ma 1400 zimafuna munthu wodekha. Ukangoziponyera diso n'kudutsa umangoti aa, ndi zithunzi za m'tchalitchi zija, Mariya ndi mwana, angelo apa ndi apo, basi. Koma ukaima n'kuyamba kukulitsa kachigawo kamodzi umapeza kuti munthu anakhala pansi n'kujambula ndevu zongomera kumene pachibwano cha mkulu wina, kamodzikamodzi, ndipo zaka pafupifupi 600 zadutsa koma penti wake akuwalabe. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri ndipo ndimalakalaka anthu ambiri atazionetsetsa. Ubwino wake masiku ano simufunika ndege kuti muyambe, foni ndi bandulo zikukwanira, bola muziyenda mwandondomeko osangolumphalumpha.

Choyamba, dziwani malo ndi nthawi yake

Mukamva kuti Early Netherlandish painting, dzina la zojambulazi m'Chingerezi, musathamangire ku Amsterdam kwa wojambula Rembrandt, iyeyo anabwera patadutsa zaka pafupifupi 200. Apa tikunena mizinda yomwe lero ili ku Belgium, monga Bruges, Ghent, Brussels, Leuven, Tournai, kenako Antwerp, kuyambira cha m'ma 1420 mpaka cha m'ma 1520. Nthawi imeneyo ambiri mwa maderawa anali m'manja mwa mafumu a ku Burgundy, makamaka Philip the Good yemwe analamulira kuyambira 1419 mpaka 1467, ndipo ndalama zinalipo chifukwa cha malonda a nsalu. Bruges unali msika waukulu, amalonda a ku Italy, Spain ndi Germany ankakhala komweko. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikufotokoza zinthu ziwiri, choyamba chifukwa chake zithunzizi zadzaza ndi makapeti, zikopa zodula, mikanda ndi zitsulo zonyezimira, chachiwiri chifukwa chake zinkakwera zombo n'kukafika mayiko akutali. Ogula sanali ansembe okha, analiponso amalonda, akuluakulu a boma komanso mabungwe a amisiri.

Mayina musaloweze ambiri. Lembani awa patsamba loyamba la kope lanu ndi chaka chomwe anamwalira: Jan van Eyck 1441, Robert Campin 1444, Rogier van der Weyden 1464, Dieric Bouts 1475, Hugo van der Goes 1482, Hans Memling 1494, Gerard David 1523. Akwana. Enawo mudzakumana nawo panjira.

Chachiwiri, pezani zithunzi zooneka bwino

Apa nde pamene ambiri amagwera ulesi, amangotenga kachithunzi kophwanyika pa Facebook kapena koyamba kutuluka pa Google n'kumati aona. Ayi. Zojambulazi moyo wake uli mu tinthu ting'onoting'ono ndiye mukufunika chithunzi choti mukachikulitsa sichikuswekasweka. Pitani pa webusayiti ya myuziyamu yomwe ikusunga chithunzicho, National Gallery ya ku London, Prado ya ku Madrid, Louvre ya ku Paris, Metropolitan Museum ya ku New York, onsewa amaika zithunzi zoti mutha kukulitsa. Wikimedia Commons nayo ili ndi mafayilo akuluakulu oti mudawunilode. Koma ya Van Eyck yeniyeni ndi webusayiti yotchedwa Closer to Van Eyck, pamenepo mumafika mpaka poona ming'alu ya penti, ndipo palinso zithunzi za X-ray ndi infrared, ulere.

Bandulo imatha msanga ndi zimenezi, nde mukapeza Wi-Fi dawunilodani zithunzi zitatu kapena zinayi zazikulu muzisunge mufoni, muziziona mulibe intaneti. Laputopu ngati ilipo ndi bwino koposa. Ndipo nthawi zonse lembani kukula kwa chithunzicho m'masentimita, chifukwa pasikirini chilichonse chimaoneka chofanana pomwe china ndi chonyamula m'manja china ndi chodzaza khoma.

Chachitatu, khalani pa chithunzi chimodzi mpaka chikuzolowereni

Ine ndingakulangizeni kuyamba ndi Arnolfini Portrait cha Jan van Eyck, cha 1434, chili ku National Gallery. Ndi cha masentimita 82 mulitali ndi 60 mulifupi. Musawerenge kaye chilichonse chokhudza chithunzichi, izi ndikunenetsa. Tengani kope mulembe zomwe maso anu akuona basi, osati tanthauzo lake.

Muona bambo wovala chipewa chachikulu chakuda wagwira dzanja la mayi wovala diresi yobiriwira yaitali mpaka kudzikundika pansi. Kagalu kali kutsogolo. Kumanzere pansi kuli nsapato zamatabwa zovula, kumbuyo kuli zina zofiira. Pazenera ndi pabokosi pali malalanje, panja pakuoneka mtengo wa tizipatso tofiira. Kudenga kwapachikidwa choikapo makandulo chachitsulo chachikasu ndipo kandulo yoyaka ndi imodzi yokha ngakhale kuli masana. Mukamaliza kulemba zimenezi funsani funso limodzi lomwe muzifunsa pa chithunzi china chilichonse cha gulu limeneli: kuwala kukuchokera kuti? Tsatirani kuwala kochokera pazenera lija muone mmene kukugundira chitsulo, mmene kukugundira ubweya wa m'mphepete mwa chovala, mmene kukugundira khungu la lalanje, ndi mmene kukugundira nsalu yoyera ya kumutu kwa mayiyo. Chinthu chilichonse chikulandira kuwala mwa njira yake, chitsulo chikuthwanima, ubweya ukumeza kuwalako, ndipo pamenepa mpamene pagona luso lonse la Van Eyck.

Tsopano pitani pakhoma lakumbuyo mukulitse galasi lozungulira lija. Ndi lotukuka pakati nde likuonetsa chipinda chonse chopindika, misana ya anthu awiri aja, zenera, malalanje omwe aja, denga, kenako pakhomo paima anthu ena awiri, wina wavala zabuluu wina zofiira, pamalo pomwe inuyo woonera mwaima. Kuzungulira galasilo pali timabwalo 10 ndipo m'kabwalo kalikonse muli kachithunzi ka masautso a Yesu, tating'ono kuposa chikhadabo. Pambali papachikidwa mikanda yopempherera ndipo mkanda uliwonse ukuponya kakuwala kake pakhoma. Pamwamba pa galasi palembedwa m'Chilatini kuti Johannes de eyck fuit hic 1434, kutanthauza kuti Jan van Eyck anali pano. Musafulumire kuchokapo, olo mphindi 20 pagalasi lokhalo sizotayika.

Mukatero ndiye muwerenge zomwe akatswiri ananena, ndipo muona ubwino woyamba mwaona nokha. Mu 1934 Erwin Panofsky analemba kuti chithunzichi ndi mwambo wa ukwati ndipo siginecha ija ndi ya mboni, anthu anakhulupirira zimenezo kwa zaka zambiri. Kenako m'ma 1990 panapezeka chikalata choonetsa kuti banja la Arnolfini lomwe ankaliganiziralo linakwatirana mu 1447, Van Eyck atamwalira kale zaka 6. Pano ambiri akuti bamboyo ndi msuweni wa Arnolfini ankamuganizira poyamba uja, dzina lake Giovanni di Nicolao Arnolfini, ndipo ena akuganiza kuti chithunzicho n'chokumbukira mkazi wake yemwe anali atamwalira. Komanso mayiyo ambiri amati ndi woyembekezera, koma akatswiri amati wangokweza nsalu ya diresi kutsogolo malinga ndi kavalidwe ka nthawiyo. Maganizo a akatswiri amasintha chonchi, koma zomwe munalemba mukope zija sizisintha.

Chachinayi, mvetsani mmene ankapangira

Zithunzizi sizili pansalu, zili pamatabwa a mtengo wa oak, ambiri ankachokera kumadera a kunyanja ya Baltic. Matabwawo ankawalumikiza, kenako ankapakapo choko chosakaniza ndi guluu wa zikopa za nyama kangapo konse n'kupalapala mpaka pasalale pakhale poyera mbee. Pamenepo wojambula ankayamba walemba chithunzi chonse ndi mizere yakuda, kenako n'kuyamba kuika penti wosakaniza ndi mafuta, kawirikawiri a linseed.

Chinsinsi chili pa kaikidwe. Sankapaka penti wokhuthala kamodzi n'kumaliza, ankaika wowala pansi, akauma n'kuikapo wina wopyapyala woonekera mkati, akauma winanso, makamaka pa zofiira, zobiriwira ndi zabuluu. Kuwala kumalowa kudutsa penti yenseyo, kukagunda choyera chapansi n'kubwerera m'maso mwanu, monga mmene mchenga umaonekera pansi pa madzi oyera a kunyanja dzuwa likamawala. N'chifukwa chake mkanjo wofiira wa Van Eyck umaoneka wozama. Ku Italy nthawi imeneyo ambiri ankasakaniza penti ndi dzira, yemwe amauma pompopompo ndipo salola kusalaza mthunzi pang'onopang'ono. Mafuta amachedwa kuuma nde umatha kusakaniza malire a kuwala ndi mdima mpaka osaoneka poyambira.

Mukamawerenga mupeza ena akuti Van Eyck ndi amene anatulukira penti wa mafuta. Nkhani imeneyi anaifalitsa ndi wolemba wa ku Italy Giorgio Vasari mu 1550 ndipo si yoona, malangizo osakaniza penti ndi mafuta analembedwa kale m'zaka za m'ma 1100. Chomwe Van Eyck ndi anzake anachita ndi kufikitsa njirayi pomwe inali isanafikepo. Onaninso izi, malo ambiri omwe mukuona ngati golide si golide weniweni, ndi timadontho ta penti wachikasu ndi woyera toikidwa pamalo pake penipeni. Kulitsani korona kapena mkanjo wa wansembe muone nokha, zimadabwitsa.

Kenako tsegulani zithunzi za infrared. Makina amenewa amaona kudutsa penti n'kuonetsa mizere yoyamba ija, ndiye mumaona pomwe wojambula anasintha maganizo. Pa Arnolfini dzanja lokweza la bamboyo linasinthidwa, ndipo kagalu kaja m'mizere yoyamba mulibe, kanabwera pambuyo. Akatswiri amawerenganso mizere ya kukula kwa mtengo m'mphepete mwa thabwa kuti adziwe zaka zomwe mtengowo unadulidwa, n'chifukwa chake nthawi zina amatha kunena kuti ichi sichingakhale cha wakutiwakuti chifukwa mtengo wake unali usanagwetsedwe iye ali moyo.

Chachisanu, tsegulani Baibulo ndipo funsani kuti chithunzichi chinkakhala pati

Apa anthu okulira m'tchalitchi muli ndi mwayi waukulu, chifukwa nkhani zambiri mukuzidziwa kale. Tengani Mérode Altarpiece (altarpiece ndi chithunzi cha paguwa lopempherera) cha ku wekishopu ya Robert Campin, chili ku The Cloisters ku New York, muwerenge Luka 1 kuyambira ndime 26 kenako muyang'ane. Mngelo Gabrieli wafika koma osati ku Nazarete wa m'chipululu, wafika pabalaza la nyumba ya ku Flanders, pali tebulo, benchi, mphika wachitsulo, thaulo, kandulo yongozima kumene utsi ukufuka. Pamwamba kumanzere kamwana kakang'ono konyamula mtanda kakutsetsereka pa kuwala kodutsa pagalasi la zenera osaliswa. Kudzanja lamanja Yosefe ali mushopu yake ya ukalipentala, zida zili mbwee patebulo, ndipo wapanga misampha ya mbewa. Kumanzere agwada eni ake omwe analipira chithunzicho, akusuzumira pakhomo.

Panofsky yemwe uja m'buku lake la 1953 anaphunzitsa anthu kuti zinthu wamba zoterezi zimabisa matanthauzo, duwa loyera ndi chiyero cha Mariya, msampha wa mbewa ndi mtanda womwe unakola Satana monga Augustine ankalalikira. Zambiri ndi zoona ndipo zimathandiza. Koma ine ndimakana kusandutsa chithunzi chilichonse kukhala ndagi yoti kanthu kalikonse kakhale ndi yankho lobisika. Musanavomere kuti ichi chikutanthauza chakuti, funsani kuti kodi chinthu chomwechi chikupezekanso m'zithunzi zina za nkhani yomweyi, nanga alipo wa nthawi imeneyo analembapo? Ngati palibe, mwina lalanje ndi lalanje basi, loonetsa kuti mwini nyumba anali ndi ndalama zogulira zipatso zochokera kutali.

Mukatha apo ndiye mulowe mu chachikulu, Ghent Altarpiece, chomwe chinamalizidwa mu 1432 ndipo chili mu St Bavo's Cathedral ku Ghent. Mawu a pafelemu amati anachiyamba ndi Hubert van Eyck yemwe anamwalira mu 1426, mng'ono wake Jan n'kumaliza, wolipira anali Joos Vijd ndi mkazi wake Elisabeth Borluut. Chili ndi zitseko, nde muyambe kuchiona chili chotseka chifukwa masiku wamba anthu ankachiona chonchi, mitundu yake ndi yozizira, Gabrieli ndi Mariya m'chipinda, pansi eni ake atagwada pambali pa Yohane Mbatizi ndi Yohane Mlaliki omwe ajambulidwa kuti azioneka osema pamwala. Mawu omwe Mariya akuyankha alembedwa chadodolido kuti awerengedwe kuchokera kumwamba. Masiku a chikondwerero ankatsegula, ndipo tangoganizani munthu woti sanaonepo TV kapena foto akuona zofiira, zobiriwira ndi zagolide zonsezo kamodzi. Pakati pansi pali Mwanawankhosa paguwa magazi akutsikira m'chikho, magulu a anthu akubwera kuchokera mbali zonse, werengani Chivumbulutso 7 muone. Pamwamba kumapeto kuli Adamu ndi Hava, kulitsani phazi la Adamu muone chala chikukwera ngati akufuna kutuluka mufelemu, ndipo manja ake ndi opsa ndi dzuwa kusiyana ndi thupi lonse.

Chimenechi musachimalize tsiku limodzi, tengani thabwa limodzi pa nthawi. Mbiri yake nayonso ndi yaitali, thabwa limodzi la oweruza olungama linabedwa mu 1934 ndipo mpaka lero silinapezeke, lomwe lilipo ndi lokopera, a Nazi anabisa chithunzichi mumgodi wa mchere ku Altaussee ku Austria mpaka 1945, ndipo ntchito yochikonza yomwe inayamba mu 2012 inapeza kuti mbali yaikulu inapakidwanso penti ndi anthu ena pambuyo pake. Atachotsa penti ameneyo nkhope yeniyeni ya Mwanawankhosa inaonekera, maso ake akuyang'ana kutsogolo kwa woonera.

Chachisanu n'chimodzi, phunzirani kusiyanitsa manja

Ikani zithunzi ziwiri pambalipambali. Mbali ina Madonna with Canon van der Paele cha Van Eyck cha 1436, chili ku Groeningemuseum ku Bruges, mbali ina Descent from the Cross cha Rogier van der Weyden cha m'ma 1435, chili ku Prado. Kwa Van Eyck zonse zili phee, palibe akuyenda, nkhalamba yagwada yanyamula buku ndi magalasi a maso, mitsempha ikuoneka pachipumi, khungu lakugwa, sanaikongoletse olo pang'ono. Kwa Rogier anthu 10 apanikizana m'kabokosi kopapatiza, Yesu akutsitsidwa pamtanda, Mariya wakomoka ndipo thupi lake lagwa mofanana ndendende ndi la mwana wake, mkono ndi mkono, dzanja lake lotuwa pafupi ndi dzanja loboola. Kulitsani nkhope za olirawo muone misozi, dontho lililonse lili ndi kuwala kwake ndi mthunzi wake, ena maso afiira. Aliyense woti anakhalapo pamaliro a mwana sangachione chithunzi chimenechi mtima uli m'malo. Van Eyck amakuonetsani mmene zinthu zimaonekera, Rogier amakonza mizere ya matupi kuti mumve ululu, ndipo Rogier ndi amene anakoperedwa kwambiri ku Ulaya konse.

Mukagwira awiriwa enawo savuta. Bouts anthu ake ndi aatali owuma ndi odekha, onani Mgonero wake wa ku Leuven. Memling ndi wofatsa, nkhope zosalala. Hugo van der Goes ndi wosakhazikika, ndipo tikumana naye pompano.

Chachisanu n'chiwiri, tsatirani mapazi awo m'zojambula za pambuyo

Mawu oti anakhudza ojambula ena ndi osavuta kunena, ndiye inu musamangovomera. Njira yabwino ndi kutenga chinthu chimodzi chooneka n'kuchilondola, muli ndi umboni woti wachiwiriyo akanatha kuona ntchito ya woyambayo.

Yambani ndi abusa a nkhosa. Tommaso Portinari, yemwe ankayendetsa banki ya a Medici, banja lolemera la ku Florence, ku Bruges, anaitanitsa chithunzi chachikulu cha kubadwa kwa Yesu kwa Hugo van der Goes, ndipo chinafika ku Florence mu 1483, pano chili ku myuziyamu ya Uffizi mumzinda womwewo. Kulitsani abusa atatu aja, anthu akumudzi enieni, manja okhakhala, wina mano apita kukamwa kuli yasa. Kenako tsegulani Adoration of the Shepherds cha Domenico Ghirlandaio cha 1485 cha mutchalitchi cha Santa Trinita mumzinda womwewo, muone abusa atatu kudzanja lamanja. Pangodutsa zaka ziwiri zokha. Apa palibe chokaikitsa.

Kenako galasi lotukuka lija. Mulipeza patebulo la wosula golide wa Petrus Christus wa 1449 ku Metropolitan, likuonetsa anthu ali pamsewu, mulipezanso patebulo la wosintha ndalama ndi mkazi wake wa Quentin Matsys wa 1514 ku Louvre. Chithunzi cha Arnolfini chinadzakhala chuma cha mafumu a ku Spain, ndipo wojambula Diego Velázquez yemwe ankayang'anira zithunzi za mfumu anaika galasi pakhoma lakumbuyo mu Las Meninas mu 1656, loonetsa mfumu ndi mkazi wake ataima pomwe woonera waima. National Gallery itagula Arnolfini mu 1842 achinyamata omwe anayambitsa gulu la ojambula lotchedwa Pre-Raphaelites mu 1848 ankapita kukachiona, ndipo magalasi ndi mitundu yowala zinadzaza ntchito zawo, onani The Awakening Conscience cha William Holman Hunt. Chinthu chimodzi chokha chakuyendetsani zaka 400.

Chachitatu choti mulondole ndi kaimidwe ka nkhope. Ku Italy chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 munthu ankajambulidwa cham'mbali, mphuno italoza uko. A ku Flanders anamutembenuza pang'ono kuti maso onse awiri aoneke, ndipo pa chithunzi cha bambo wa nduwira yofiira cha Van Eyck cha 1433 munthuyo akukuyang'anani inuyo mwachindunji. Memling anawonjezera mitengo, misewu ndi mitambo kumbuyo kwa munthu. Tsopano onani zithunzi za nkhope za Antonello da Messina, yemwe anali ku Venice mu 1475 ndi 1476, kenako Giovanni Bellini, Perugino, mpaka Mona Lisa. Onaninso Saint Jerome in his Study cha Antonello ku National Gallery, mukapanda kuuzidwa mutha kuganiza kuti ndi cha ku Bruges.

Ku Spain nkhani yake ndi yolembedwa, Lluís Dalmau anatumizidwa ku Flanders mu 1431 ndipo chithunzi chake cha 1445 cha ku Barcelona chili ndi angelo oimba otengera ku Ghent. Ku Germany Martin Schongauer anatenga kalembedwe ka Rogier n'kukaika m'zithunzi zodinda papepala zomwe zinkayenda paliponse, ndipo Albrecht Dürer anapita iye mwini ku Netherlands mu 1520 ndi 1521 n'kukaona chithunzi cha paguwa cha ku Ghent chija. Za Vermeer, wojambula wa ku Holland wa m'ma 1600, ndi chipinda chake cha zenera kumanzere mutha kuziyerekeza ndi Campin ndi Van Eyck, kufanana kulipo ndithu, koma pamenepo lembani kuti ndi mwambo womwe unayenda mibadwo ingapo, osati kuti anakopera chithunzi chakutichakuti.

Kanthu kena koti muziyang'ana, m'zithunzi za anzeru a kum'mawa za cha m'ma 1470, monga Monforte Altarpiece cha Hugo ku Berlin ndi cha Memling ku Prado, muyamba kuona munthu wakuda pakati pa obwera ndi mphatso, ndipo kwa Memling ndi mmodzi wa mafumu atatu aja, wovala mwaulemerero. Pofika m'ma 1500 ku Antwerp zimenezi zinali zozolowereka. Ndi mutu wabwino kwa amene akufuna kulemba kafukufuku wa kusukulu.

Chomaliza, yesani ndi dzanja lanu

Olo musakhale wojambula, tengani supuni kapena ketulo yachitsulo muiike pafupi ndi zenera m'mawa, mujambule ndi pensulo zomwe zikuoneka m'chitsulomo, zenera lopindika, inuyo mwini, mdima wa chipinda. Pakutha pa ola limodzi mukabwerera pa galasi la Arnolfini muliona mwa mtundu wina. Amene muli ndi penti pakani kathabwa kapena hadibodi choyera, lembani ndi mizere, ikani mtundu wowala kenako wina wosungunula kwambiri pamwamba, dikirani uume musanaikenso. Akiliriki wothira madzi amathandiza kumvetsa mfundo yake ngakhale safika pa mafuta, ndipo ngati ndi mafuta konzekerani kudikira masiku angapo pakati pa kupaka kulikonse, mukafulumira zonse zimasanduka matope.

Abale amene muli ku UK, National Gallery kulowa ndi ulere ndipo ili pa Trafalgar Square pomwepo, Arnolfini ndi bambo wa nduwira yofiira uja ali komweko, pamodzi ndi Magdalen Reading cha Rogier. Onani kaye pa webusayiti yawo chipinda chomwe zili chifukwa amasuntha, pitani m'mawa anthu asanachuluke, ndipo pa bambo wa nduwirayo muyang'anenso felemu, ndi yake yoyambirira ndipo ili ndi deti la 21 October 1433. Amene mungakwanitse kuwoloka kupita ku Belgium, Ghent ndi Bruges ndi pafupifupi theka la ola pa sitima, koma guwa la ku Ghent limafuna tikiti nde gulani pa intaneti musananyamuke. Hieronymus Bosch ndi Pieter Bruegel muwasiye kaye mpaka mutazolowera Van Eyck, Rogier ndi Hugo, chifukwa zambiri zomwe awiriwa ankapotoza ndi kusintha anazitenga kwa akuluakulu amenewa.